Makina Ochapira a Natalia

Makina anasiya kupalasa bulangeti la mayi Febbie lili m'kati, thovu lili thoo. Injini inkalirabe pansi pake, koma chipalasiro chapakati chinangoima njo, ndipo kafungo ka labala wopserera kanayamba kumveka pakhonde lakuseri.

"Bambo a Lidiya, akazi anu achitsulowa anyanyala," anatero mayi Ennie, amene anali atakhala pandowa kudikira kuti alowetse makatani awo. "Mwawalakwira chiyani?"

A Severino Kamwendo anapinda nyuzipepala, navula magalasi, nadzuka mosafulumira. Anazimitsa makinawo pakhoma n'kuyatsanso. Injini inalira, madzi osagwedezeka. Anawamenya pambali ndi chikhatho monga ankachitira malemu akazi awo, a Natalia, koma palibe chinasintha.

"Mwina bulangeti langali ndi limene lalemetsa," anatero mayi Febbie. "Limamwa madzi ngati ng'ombe."

"Si bulangeti ayi, amake Munya. Makinawa anachapapo zolemera kuposa apa."

Anali makina akale, otsekulira pamwamba, utoto wake utasanduka wachikasu. A Natalia anapatsidwa ndi mzungu amene ankamugwirira ntchito ku Mabelreign, mu Harare, nthawi imene mzunguyo ankasamukira kunja. Tsiku limene anafika pa lole, msewu wonse wa ku Glen Norah kuno unabwera kudzaona. Ubwino wake unadziwika bwino mipopi itayamba kuuma: makinawa sankasankha madzi. Munthu ankangotunga kumjigo, umene ana a kuno amautcha chibhorani, n'kutsekula chivundikiro, n'kukhuthuliramo ndowa. Bola magetsi akhalepo.

A Natalia ndi amene anayambitsa zoti Loweruka lililonse amayi anzawo, ana a anthu amene anachoka ku Malawi kalekale kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'mafakitale, azibwera ndi mabulangeti. A Natalia atamwalira, ambiri anasiya pang'onopang'ono. Anatsala awiriwa: mayi Ennie, a pakamwa posatseka, ndi mayi Febbie, mayi wamasiye wogulitsa tomato pamsika, amene anakulira pafamu ku Mazowe ndipo nthawi zonse ankayenda ndi singano yobaya m'mphepete mwa duku. Mayi Febbie akamaliza mabulangeti ankafunsa osayang'ana munthu kumaso kuti, "Pali zoti tiponyemo?" A Severino ankatulutsa malaya awo, kenaka n'kulowa m'nyumba kukawiritsa tiyi. Madzulo ankapeza malaya atauma, atapindidwa bwino pampando.

Palibe amene ankanenapo kanthu. Kwa anthu a mtundu wawo, ngakhale obadwira mu Harare momwemo, mkazi sachapa pamanja malaya a mwamuna amene si wake kapena mbale wake. Akatero ndiye kuti nkhani yatha, kwangotsala kudziwitsa ankhoswe. Koma makina si mkazi. Zimene achapa makina zilibe mlandu.

Tsiku limenelo bulangeti analizula m'madzi ndi manja. Mayi Febbie anagwira uku, a Severino uku, n'kumapotokola mpaka madzi anawanyowetsa nsapato.

"Taonani mmene akugwirizanirana," anatero mayi Ennie. "Ngati munaphunzira sukulu imodzi."

A Severino anachita ngati sanamve.

Admire, mkulu wokonza mafiriji ndi masitovu wa ku Highfield, anabwera tsiku lomwelo dzuwa litapendeka. Anagoneka makinawo chammbali, nalowetsa mutu pansi pake, natuluka ndi tizidutswa ta pulasitiki ndi kalabala kakuda konyenyeka.

"Sekuru, makina anuwa alibe lamba ngati enawa," anatero m'Chishona, akuwatcha agogo mwaulemu. "Injini imagwira giya mwachindunji, pakati pali aka kokha. Timakatcha kapulingi. Anakapanga dala kuti zikavuta kazithyoka iko, injini ipulumuke."

"Ndiye zili bwino. Ikani kena."

Admire anakanda m'mutu. "Ndikatenga kuti? Kamene kathyokaka ndinaika ndine, amayi akadali moyo, ndipo nthawi imeneyo n'kuti ndikuchita kufunafuna. Makina a mtundu uwu anasiya kuwapanga, Sekuru. Kayeseni ku Southerton. Mwina muli ndi mwayi kuposa ine."

Lolemba m'mawa a Severino anavala jekete, nakulunga tizidutswato m'kampango, nakwera kombi, minibasi ya kuno. Ku Southerton ankakudziwa ngati m'thumba mwawo. Anagwirako ukalaliki pafakitale ina ya nsalu mpaka inatsekedwa. Anadutsa pageti pake osaima. Tsopano munali mosungira matayala, ndipo mlonda wake anali munthu wosamudziwa.

M'sitolo ya zipangizo, mtsikana wa pakauntala anatembenuza kalabalako ndi chala, nagogoda pakompyuta kwa kanthawi.

"Sekuru, mtundu uwu unatha. Kumene ankaupanga anasintha zonse. Zipangizo zake tinali nazo, koma zinapita kalekale."

"Anasiyiranji? Makina abwinobwino."

"Akuti ankamwa madzi ambiri."

A Severino anaganiza za ndowa zimene ankanyamula ndi mikono yawo kuchokera kumjigo. Madziwo anali awo, msana unali wawo, ndipo panalibe amene anabwera kudzawafunsa ngati atopa nazo. Mtsikanayo anawatengera kumene kunali makina atsopano, onyezimira, a chitseko chagalasi kutsogolo.

"Awa ndingathiremo madzi ndi ndowa?"

"Ayi, Sekuru. Mukatsekula chitsekochi madzi onse ali pamapazi anu. Amafuna paipi."

"Nanga otsekulira pamwambawa?"

"Amenewo ali ndi kompyuta m'kati, amayeza okha madzi. Akapanda kumva madzi akulowera kupaipi amangolira n'kuzima."

"Ku Glen Norah mpopi umatulutsa mphepo, mwanawe."

"Ndikudziwa," anatero mtsikanayo motsitsa mawu. "Ine ndimakhala ku Budiriro, nakonso n'chimodzimodzi."

Anawalembera njira ya ku Msasa pachikhatho ndi chala. Kumeneko, kuseri kwa mafakitale, anapeza mkulu wina wa imvi m'nyumba yodzaza ndi zitsulo mpaka kudenga. Mkuluyo anagwira tizidutswato mwaulemu ngati akupereka moni kwa mnzake wakale.

"Otsiriza anatenga munthu wa hotela, bokosi lonse. Sindinaonenso ena. Mukamva kuti kwinakwake makina otere afa ndi matenda ena, thamangirani kumeneko mukachotse. Akalewa masiku ano akukhalira moyo pamaliro a anzawo."

Anabwerera kunyumba fumbi lili m'nsapato. Anaika kampango kaja pamwamba pa makina, nawaphimba ndi nsalu yakale ya patebulo.

Loweruka lotsatira magetsi analipo, mwinanso kuposa masiku onse. Mayi Ennie ndi mayi Febbie anabwera chimanjamanja, akuti kudzazonda wodwala. A Severino anawiritsa tiyi, nawafotokozera za ulendo wawo mwadongosolo, kuyambira ku Southerton mpaka ku Msasa.

"Ndiye basi, maliro," anatero mayi Ennie. "Tisonkhe nkhuni."

Mayi Febbie ankazunguza supuni m'kapu. "Nanga malaya anu? Mawa ndi kutchalitchi."

"Ndiona chochita."

"Tandipatsani. Ine ndikuchapabe zanga lero. Beseni ndi lomwelo."

Mayi Ennie anaika kapu pansi, naomba m'manja. "Eee! Beseni ndi lomwelo! Bambo a Lidiya, ankhoswe anu ndi ati, tikawauze? Ine ndikasoketse diresi la mtundu wanji?"

Mayi Febbie anaseka, nawamenya anzawowo paphewa, koma mawu awo sanawabweze. Anangoyang'ana m'kapu n'kumadikira.

Nthabwala za mtundu umenewu a Severino sankazikonda chiyambire, ndipo anaona ngati msewu wonse wasuzumira pampanda. Atatsekula pakamwa, panatuluka mawu aja ankayankhulira mu ofesi pobweza munthu wofuna ntchito.

"Zikomo, amake Munya. Koma manja amene ankachapa malaya anga ali kumanda ku Mbudzi. Sindinalengeze kuti malowo akufuna munthu."

Mayi Febbie anaika kapu yawo pansi tiyi asanathe, nakonza duku.

"Ine ndimanena za litsiro la m'khosi, bambo Kamwendo," anatero mofatsa. "Tiyeni a Ennie, dzuwa likutithera."

A Severino anamva geti likutsekedwa bwinobwino, mopanda phokoso. Anatola makapu, nataya tiyi wotsalayo pamaluwa. Anadziuza kuti sananame, ndipo zinali zoona. Sananame.

Malaya anayamba kuchapa okha kuseri kwa nyumba, m'beseni la a Natalia. Ankawerama mpaka msana kuuma, sopo n'kumaterereka m'manja. Malayawo ankatuluka onunkhira sopo, koma mzere wa m'khosi unkatsala pomwepo ngati wolembedwa ndi pensulo. Bulangeti sanayese n'komwe.

Lidiya, mwana wawo yekhayo, namwino ku Bulawayo, anaimba foni Lamlungu lina masana. Iye Chichewa ankamva koma poyankha ankasakaniza Chishona ndi Chingerezi.

"Adadi, ndikutumizirani atsopano. Akalewo atayeni."

Anamufotokozera za paipi ndi za kompyuta yoyeza madzi.

"Ndiye bwerani kuno. Nyumbayo tiikemo anthu a lendi. Mukudikira chiyani kumeneko nokhanokha?"

"Ndili bwino, mwanawe."

"Mumatero nthawi zonse."

"Chifukwa nthawi zonse ndimakhala bwino."

Loweruka linayamba kutalika. Ankatulutsa mpando pakhonde monga kale, n'kuwerenga nyuzipepala yonse mpaka malonda a magalimoto ndi zidziwitso za maliro. Mphepo ikachokera kumunsi inkabweretsa kuseka kwa amayi. Anali atapeza bafa lalikulu lachitsulo kwa mayi Ennie, ndipo mabulangeti ankawaponda ndi mapazi, akuimba. Kuseka kwa mayi Febbie ankakuzindikira: kunkabwera mochedwa, ena onse atamaliza.

Tsiku lina akuchotsa fumbi pansalu yophimba makina, anadzimva akunena mokweza kuti, "Kwazizira lero." Anaima. Mawuwo anamveka achilendo m'kamwa. Anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene anayankhula Chichewa ndi munthu, ndipo anapeza kuti linali Loweruka la tiyi wosatha uja. M'kombi chinali Chishona, kusitolo Chishona, pafoni Chingerezi. Anzawo amene ankakhala nawo pansi pa mtengo pambuyo pa Misa anali atapita mmodzimmodzi, ena ku Mbudzi, ena kwa ana awo. Sanadziwe kuti chinenero cha bambo awo chinali chitatsalira pakhonde lakuseri lokha, pakati pa ndowa ndi thovu.

Kutchalitchi ankawaona mayi Febbie kumbali ya amayi. Lamlungu lina anakumana maso ndi maso pakhomo potuluka, posathawika.

"Mamuka sei, VaKamwendo?" anatero mayi Febbie. Unali moni wa Chishona, waulemu wake, umene ankapereka kwa aliyense wogula tomato.

Maso awo anatsika pang'ono kufika pakhosi la malaya, nakhalapo kamphindi, nachokapo. A Severino anayankha m'Chishona momwemo. Panjira yobwerera anakweza kolala ya jekete ngakhale kunali dzuwa.

Nyengo yozizira ikupita kumapeto, Admire anatulukira ndi ngolo yokankha.

"Sekuru, ku Highfield kuli gogo wina ali ndi makina ngati anuwa. Ake yafa ndi injini. Kapulingi wake ndinayang'ana, nayenso watha, sangakuthandizeni. Koma injini yanuyi ndi yamoyo. Ndimati ndifunse."

A Severino anayang'ana nsalu ya patebulo ija. Anakumbukira mawu a mkulu wa ku Msasa.

"Tengani," anatero. "Tengani onse. Pano akungodya malo."

Makinawo anali olemera, choncho Admire anayamba kuwamasula pomwepo. Anachotsa chivundikiro, namasula bawuti, nazula chipalasiro chija. Pansi pake panali matope akuda a zaka zambiri. Anapalapo ndi sipanala, kenaka anaseka.

"Sekuru, munali ndi sitolo ya mabatani muno!"

Anawakhuthulira m'manja. A Severino anawatsuka m'ndowa. Limodzi analidziwa msanga: labuluu, lalikulu, la yunifolomu ya a Natalia ya kutchalitchi. Analipukuta, naliika m'thumba la pamtima. Enawo anali aang'ono, a malaya achimuna, oyera ndi otuwa, ochuluka ndithu. Pakati pawo panali lina lofiirira, la timalemba m'mbali. Limeneli linali la malaya amene Lidiya anawagulira pa Khirisimasi yapitayi.

Anakwinya nkhope. Malaya amenewo anawavala Lamlungu lapitalo, ndipo sanasowe batani.

Analowa kuchipinda, nawatulutsa m'kabati, napita nawo pawindo. Anavala magalasi. Batani la pamimba linali locheperako pang'ono kuposa anzake, lopanda timalemba, losokedwa ndi ulusi wakuda. Anatulutsa malaya ena. Oyera a kutchalitchi anali ndi batani lachilendo pamkono. Amizeremizere anali nawo pakhosi ndi pansi. Ena kolala yake inali itasokedwa mobisa kumene inayamba kunyenyeka, ndi timisoko tating'ono tolondolana bwino.

Iwo singano anali asanaigwirepo chibadwire. Ndipo malaya a Khirisimasiwo analowa m'nyumba muno a Natalia atagona ku Mbudzi zaka zingapo.

Anakhala pabedi malayawo ali pamiyendo. Anaona pakhonde lakuseri monga ankalionera pawindo la kukhitchini podikira madzi a tiyi: mayi Febbie atafulatira, atawerama pa mulu wa zochapa, akupinda malaya nthawi yaitali kuposa imene malaya amafuna. Nthawi zina ankapititsa dzanja kukamwa n'kugwedeza mutu kamodzi. Iwo ankayesa kuti akutafuna mtedza. Unali ulusi umene ankadula ndi mano.

Sanalire. Sanali munthu wolira. Anangokhala pamenepo mpaka Admire anaitana kunja kuti wamaliza.

Ngolo itatuluka pageti, pakhonde panatsala malo oyera a ngodya zinayi, ndi madontho a dzimbiri pamene panali miyendo. A Severino anawayang'ana kwa kanthawi. Kenaka anatenga beseni la a Natalia, naikamo malaya akuda onse. Anatenga jumbo yakuda kuti aphimbe pamwamba, naigwira m'manja, naibwezera pamsomali.

Dzuwa linali lidakali pamwamba, msewu uli ndi anthu. Amayi ogulitsa masamba pakona anasiya kucheza. Mwamuna wina wokonza nsapato anatsitsa nyundo. A Severino anayenda pakati pa msewu, jekete atamanga mabatani, beseni lili kutsogolo ngati mbale ya chopereka. Kwa mayi Febbie kunali njira yachidule yodzera kuseri kwa sukulu, koma iwo anatsata msewu waukulu, wodutsa pageti la mayi Ennie.

Mayi Ennie anali akusesa. Anaimika tsache, nayang'ana beseni, nayang'ana mwini wake.

"Bambo a Lidiya, mwasochera? Kumjigo ndi uku."

"Sindinasochere, mayi."

A Severino asanafike patali anamva tsache likugwa ndi mapazi akuthamangira kwa aneba.

Mayi Febbie anali pabwalo, atakhala pamkeka, akusankha tomato wa mawa.

"Odi."

"Pindai," anayankha m'Chishona osadzutsa mutu.

"Ndi ine, amake Munya."

Anadzutsa mutu. A Severino analowa, natsitsa beseni pansi, napisa m'thumba la buluku, naika mabatani aja pamkeka pambali pa tomato.

"Awa ndawapeza pansi pa makina."

Mayi Febbie anawayang'ana, nasuntha limodzi ndi chala. "Makinawo achira?"

"Apita. Admire wawatenga."

"Pepani."

"Pamalaya a Khirisimasi paja pali ulusi wakuda."

"Woyera unandithera," anatero mayi Febbie, tsopano m'Chichewa, nabwerera ku tomato wawo. Anatenga mmodzi, namutembenuza, namuika kumbali ya ofewa. "Munthu wophunzira ngati inu, zaka zonsezi mumayesa mabatani amamera okha?"

"Sindinkayang'ana."

"Ndinaona."

A Severino anaima pomwepo manja ali kumbuyo. Mawu amene anakonza panjira anali atabalalika. "Zimene ndinayankhula tsiku lija," anatero, "zinali za mu ofesi."

Mayi Febbie anapukuta manja pachitenje, nayang'ana beseni.

"Mwayenda nalo chonchi msewu wonsewu? Osaphimba?"

"Osaphimba."

"A Ennie akuonani?"

"Ndadzera pageti pawo."

"Njira ya kusukulu yatsekedwa?"

"Ili bwinobwino."

Kunja kwa mpanda kunali kutayamba kudutsa anthu amene analibe kopita. Kenaka mayi Febbie anatambasula dzanja, nakoka malaya oyera m'besenimo, natembenuza kolala, naiyang'anitsitsa padzuwa. Anatsonya.

"Mumachapa ndi chiyani, nyuzipepala?"

"Ndi sopo."

"Sopoyo mukamupepese." Anaponya malayawo m'beseni, nalikokera pafupi ndi mkeka. "Koma madzi mulibe muno, bambo a Lidiya. Ine sindichapa ndi malovu. Zigubu ndi izo, wilibala ili kuseri."

A Severino anapita kukatenga wilibala, naikamo zigubu. Atafika pageti anamva akuitanidwa.

"Jeketeyo muisiye. Mukainyowetsa."

Anaivula, naipereka. Mayi Febbie anailandira ndi manja awiri, naiyala pamiyendo, nagwira batani lapakati limene linali kulendewera ndi ulusi umodzi. Dzanja lawo linapita m'mphepete mwa duku.

Kumjigo mzere unali wautali, wa amayi okhaokha, ndipo onse anatembenuka. A Severino anaimika wilibala kumapeto kwa mzerewo, napinda mikono ya malaya, nadikira nthawi yawo.